Momwe mungapangire seva ya dial-up mu ofesi yaing'ono, kuti anzanu akutali azilowa pa laini ya foni

Ofesi yomwe ndimathandiza za makompyuta kuno ku Ulongwe imagula chimanga, nyemba ndi mbatatesi kwa alimi a ku Domwe ndi Tsangano, ndiye katundu amatsikira ku depoti yathu ina mu mzinda wa Tete. Vuto linali ma rekodi. Netiweki ya m'manja ikagwa, makamaka nyengo ya dzinja, a ku Tete sankadziwa kuti matumba anyamuka angati, amangoimbirana foni n'kumawerengerana manambala pakamwa, mapeto ake mikangano ndi madalaivala. Koma ma ofesi onse awiri ali ndi laini ya waya ija ya kampani ya matelefoni ya TDM, yomwe pano ikutchedwa Tmcel chiphatikizireni ndi mcel. Ndiye ndinawauza abwana kuti laini yomweyi itha kunyamula mafayilo, tingofunika modemu, kachipangizo kolumikiza kompyuta ku laini ya foni, uku ndi uko komanso kompyuta imodzi yoti iziyankha foni ikalira. Zinatheka ndipo mpaka lero zimatipulumutsa.

Musanagule kalikonse onani laini yanu kaye. Ikhale ya waya weniweni wochokera pa mtengo wa panja, yakuti mukanyamula foni mukumva kulira kuja. Mafoni a pa tebulo aja okhala ndi SIM khadi mkati sagwira ntchito imeneyi, musadzivutitse. Mvetseraninso ngati laini ikuchita phokoso la tsetsetse, ngati ikutero uzani a matelefoni akonze kaye chifukwa modemu imadana ndi phokoso kuposa china chilichonse.

Za liwiro ndinene pompano kuti musadzandinene. Pa bokosi la modemu amalemba 56k koma inu simudzaiona 56 imeneyo. V.90, njira ya 56k ija inabwera mu 1998, imafika pamenepo pokhapokha mbali ya seva ikhale pa laini ya digito ngati momwe amakhalira makampani ogulitsa intaneti. Modemu wamba ziwiri zikaimbirana zimathera pa 33.6 kbps, ndiye kuti pafupifupi 4 KB pa sekondi, fayilo ya 1 MB muidikira maminitsi anayi kapena kuposa. Kwathu kuno nthawi zambiri imagwira pa 28.8 kapena 24. Ya Excel ya masitoko imadutsa bwinobwino, koma zithunzi ndi mavidiyo iwalani.

Zofunika ndi izi: kompyuta yakale iliyonse yokhala ndi serial port kumbuyo, kaja ka mapini 9, modemu yakunja, chingwe cha serial, chingwe cha foni cha RJ11 ndi UPS, batire losungira magetsi akathima. Modemu ikhale yakunja ndithu, ya bokosi lake ndi timagetsi kutsogolo. Ine ndimakonda US Robotics, kaya Sportster kaya Courier mukaipeza. Zija zolowetsa mkati mwa kompyuta zambiri ndi ma winmodem, ntchito yonse imagwiridwa ndi dalaivala wa Windows ndiye pa Linux zimangokhala ngati mwala. Ngati ofesi yanu ili ndi malaini ambiri pali makina opangidwira zomwezi monga Cisco 2509 ya madoko 8 ndi 2511 ya madoko 16, koma kwa ife a laini imodzi kumeneko n'kutaya ndalama chabe, ndiponso chingwe chake cha nthambi 8 chija kuchipeza kuno ndi nkhani ina.

Kogula ndiye kovuta. M'maloja a ku Tete mukafunsa modemu amakupatsani ka USB ka SIM khadi. Ine yoyamba ndinaipeza kwa munthu wina wogulitsa zakale za makompyuta, anayamba ndi 2500 meticais tinagwirizana pa 1500, ananditsimikizira kuti waiyesa yekha ndipo ikugwira. Ndinakwera chapa, minibasi ya kuno, kubwerera ku Ulongwe ndi katundu wanga pamiyendo.

Apa ndi pomwe ndikufuna mumvetsere bwino chifukwa ndi pomwe zinandiwonongekera. Modemu zambiri zakalezi zinachokera ku America ndipo adaputala yake ndi ya 120V, pomwe magetsi athu ndi 220V. Wogulitsa uja anali atavekapo kapulagi kosinthira mapini kuti kalowe mu soketi yathu ya mabowo awiri ozungulira, ndiye poona maso imaoneka ngati ya kuno. Kapulagi kameneko sikatsitsa mphamvu ya magetsi ayi, kamangosintha mano basi. Nditalowetsa timagetsi tinayaka bwinobwino, ndinatembenuka kuti nditenge chingwe cha foni, ndinangomva fungo la pulasitiki wopsa, adaputala itatentha moti sindikanatha kuigwira ndi dzanja, kenako zii. Nditaitembenuza ndi pomwe ndinawerenga timalemba tating'ono kuti INPUT 120V 60Hz. Wogulitsa uja nditamuimbira anangoti kwa iye imagwira.

Sizinathere pomwepo. Ndinapita pa msika kukagula adaputala ina ya 9V poti pansi pa modemu panalembedwa 9V, ndinaika, kagetsi kamodzi kanayaka koma kompyuta simaiona modemu ngakhale pang'ono. Masiku atatu ndikusintha ma setting, kuchotsa Linux n'kuikanso, kukayikira chingwe, kukayikira serial port, abwana tsiku lililonse kufunsa kuti achimwene zatheka? Kenako ndinayang'anitsitsa pa adaputala yopsa ija, OUTPUT 9V AC. Yomwe ndinagula pa msika inali 9V DC. Ma Sportster ngati yangayi amafuna AC, ndipo ma adaputala pafupifupi onse omwe mungapeze pa msika masiku ano, a ma rauta, a mawailesi, ndi a DC. Amalume ena okonza mawailesi kuseri kwa msika ndi amene anandithandiza, anatenga thiransifoma ya 220V kupita ku 9V mu wailesi yakufa n'kuiika m'kabokosi, kulumikiza kamutu ka adaputala yakale kaja. Nditaika nthawi yomweyo modemu inayankha. Ndiye chonde abale, musanalowetse chilichonse pa khoma werengani mizere iwiri ija, INPUT ndi OUTPUT, muone ma volti komanso ngati ndi AC kapena DC, ndipo wogulitsa ayiyatse inu mukuona musanapereke ndalama. Mtundu uliwonse uli ndi adaputala yake, ya Courier si ya Sportster.

Chingwe cha serial nachonso samalani, chikhale cholunjika osati null modem. Kunja zimafanana ndendende koma null modem inapingasitsa mapini 2 ndi 3. Modemu zambiri kumbuyo zili ndi doko la mapini 25 ndiye mufunika cha 9 uku 25 uku. Kompyuta ikakhala yopanda serial port gulani kosinthira USB, kadzaoneka ngati ttyUSB0 m'malo mwa ttyS0, dzina la serial port yoyamba pa Linux.

Mukalumikiza, chingwe cha pa khoma chilowe pa bowo lolembedwa LINE kapena TELCO, foni ya pa tebulo ilowe pa PHONE. Ikani Debian, mtundu wina wa Linux, pa kompyuta ija, kenako lembani apt install mgetty ppp minicom kuti muike mapulogalamu atatu: mgetty woyankha foni, ppp wolumikiza makompyuta awiriwo ndi minicom wolankhulira ndi modemu. Tsegulani minicom pa ttyS0 liwiro 115200, lembani AT, ikayankha OK ndiye kuti gawo lovuta mwadutsa. Lembani AT&F kuti ibwerere momwe inachokera ku fakitale. Ambiri amathamangira ATS0=1 kuti modemu iziyankha yokha, musatero, mgetty ndi amene amamva RING n'kuyankha, mukatero azilimbirana foni.

Mu /etc/mgetty/mgetty.config lembani port ttyS0, speed 115200 ndi data-only y. Mu login.config muli mzere woyamba ndi /AutoPPP/, onetsetsani kuti ndi wotsegula ndipo ukuitana pppd, pulogalamu ya ppp ija. Kenako pangani fayilo /etc/ppp/options.ttyS0 muikemo ma IP awiri, ma adilesi a pa netiweki, ya seva ndi yomwe woimbayo apatsidwe, mwachitsanzo 192.168.1.10:192.168.1.201, ndi mawu oti proxyarp kuti makompyuta ena a mu ofesi azimuona ngati ali nawo m'chipinda chomwecho. Dzina ndi pasiwedi zimapita mu pap-secrets. Pasiwedi ikhale yolimba, aliyense wodziwa nambala ya ofesi atha kuimba ndi modemu yake. Yatsani ip_forward, setting ya Linux yolola woimbayo kufika pa makompyuta ena a mu ofesi, kenako muyambitse mgetty pa ttyS0 ndi systemctl kuti izidzuka yokha magetsi akabwera.

Mbali ya ku Tete ndi yosavuta, modemu ina, Windows 10 ikadali ndi Dial-up pa Network & Internet, muikemo nambala ya ofesi, dzina ndi pasiwedi. Ngati kumeneko mumayamba mwadina 0 kuti mutuluke panja ikani 0 ndi koma patsogolo pa nambala. Mukamva kulira kwa modemu kuja kenako chete, yagwira. Gawani foda imodzi pa seva ndi Samba, pulogalamu yogawira mafayilo ku Windows, basi.

Kumbukirani kuti nthawi yonse yomwe mwalumikizana bilu ya foni ikuwerenga ndipo makasitomala akaimba apeza laini yotanganidwa. Ife tinagwirizana kuti aziimba 12:30 ndi 17:00, kutumiza fayilo n'kudula. Nthawi zinazo mlembi amangothimitsa modemu kuti isamalande mafoni a anthu.

UPS imateteza mbali ya magetsi yokha, mphezi imalowera pa waya wa foni, ndipo za mphezi za ku Angonia kuyambira November mpaka March nonse mukuzidziwa. Gulani kotetezera ka RJ11 ngati mungakapeze, koma mitambo ikangoyamba kuda cha ku Domwe ife timazula chingwe cha foni pa khoma mpaka mvula itadutsa. Ndinamata pepala pamwamba pa modemu lolembedwa zimenezi kuti ngakhale alonda akaona azizula.