Momwe mungaonere miyezi ya Jupiter ikukokana

Ambiri timaganiza kuti mwezi umangomvera pulaneti yake, pulanetiyo n'kumamvera dzuwa basi. Komatu chilichonse cholemera kumwambako chimakoka chinzake, ndipo kukokanako kumasintha njira zomwe zinthuzi zimayendamo. Umboni wake mungautole nokha pa Jupiter, muli ndi ma binoculars, kope ndi pensulo.

Yambani ndi kupeza Jupiter. Imawala kwambiri ndipo siphethira ngati nyenyezi. Pulogalamu yaulere ya Stellarium ikuuzani nthawi ndi mbali yomwe itulukire.

Mukaipeza, tsamiritsani ma binoculars pa chinthu chosagwedera, chifukwa manja akangonjenjemera pang'ono timiyezito timasowa. Muona timadontho, nthawi zina mpaka tinayi, tili pamzere umodzi. Imeneyo ndi Io, Europa, Ganymede ndi Callisto, miyezi yomwe Galileo, katswiri wa zakuthambo wa ku Italy, anaiona mu 1610.

Tsopano jambulani malo a kadontho kalikonse usiku ndi usiku kwa milungu itatu, mukulemba tsiku ndi ola. Ganymede savuta, amawala kuposa anzake ndipo amabwerera pamalo ake pakatha pafupifupi sabata. Io ndiye wothamanga, choncho muzimuyang'ana kawiri usiku umodzi. Akakusokonezani, tsimikizani dzina lake pa Stellarium.

Apa ndi pomwe pali nkhani. Yerekezani zomwe mwapeza ndi izi: Io amazungulira Jupiter m'masiku 1.77, Europa 3.55, Ganymede 7.15. Gawani manambalawo. Ganymede akazungulira kamodzi, Europa wazungulira pafupifupi kawiri, Io pafupifupi kanayi. Sizinangochitika mwangozi ayi. Io amapitirira Europa pafupifupi pamalo amodzimodzi ulendo uliwonse, ndiye kukoka kwawo, ngakhale kuli kochepa, kumaunjikana monga momwe katungwe amakwerera mukamamukankha pa nthawi yake. Europa ndi Ganymede nawonso n'chimodzimodzi. Masamu a zimenezi anawalongosola ndi Pierre-Simon Laplace wa ku France.

Kwa ine chosangalatsa kwambiri ndi zotsatira zake. Kukokanako kumaletsa njira ya Io kukhala yobulungira bwinobwino, motero amayandikira Jupiter n'kutalikiranso. Jupiter imamufinya ndi kumumasula mosalekeza, mkati mwake n'kumatentha. N'chifukwa chake chombo cha Voyager 1 chinapeza mapiri ophulika pa Io mu 1979.

Pomaliza chitani masamu omwewo pa Callisto, amene amatenga masiku 16.7. Mukagawa ndi 7.15 simupeza nambala yathunthu kapena yoyandikira pamenepo, chifukwa iyeyu sali nawo mumgwirizano wa atatu aja.