Kusamutsa kapinga: konzani malo musanazule

Mvula zoyamba zikagwa mu Novembala kapena Disembala, mawilibala odzaza kapinga amachuluka m'misewu ya ku Matawale, Chinamwali ndi Mpondabwino kuno ku Zomba. Chimene chimandiwawa n'chakuti wambiri mwa kapinga ameneyu amafera pamulu, eni ake akadali kuswa zibuluma pabwalo. Kapinga wozulidwa amakhala atadulidwa mizu, ndipo akagona masiku awiri ataunjikidwa amatentha mkati n'kusanduka wachikasu. Choncho, abale anga, khasu liyambire kumene kapinga akupita.

Limani malowo mozama masentimita 15. Ngati nyumba yangomangidwa kumene, tolani zidutswa za njerwa, simenti youma ndi miyala, chifukwa pamene zakwiririka kapinga amauma msanga dzuwa la Okutobala likafika. Zulani dawe ndi timbatata take tomwe. Mukasiya timbatatato pansi, dawe adzatulukira pakati pa kapinga wanu ndipo mudzalimbana naye zaka. Sakanizani dothi ndi manyowa owolerana bwino, osati ndowe zaziwisi, zimene zimawotcha mizu n'kubweretsa njere za udzu. Dothi la katondo la m'munsi mwa phiri la Zomba limalimba likauma, ndiye manyowa musaumire. Kumakande a mbali ya ku Chilwa, kumene madzi amadikha, kwezani malowo pang'ono ndi kuthirako mchenga wa kumtsinje. Salazani ndi leki, madzi azitsetsereka kuchoka kukhoma la nyumba.

Tsopano kumene mukazule. Tchetchani kapingayo afupike, ndipo ngati mvula sinagwe, thirirani dzulo lake. Dothi lonyowa pang'ono limakakamira ku mizu, louma limayoyoka, lamatope limalemera n'kusweka m'manja. Kokani chingwe, mudule ndi chikwanje kapena fosholo yakuthwa zigawo za masentimita 30 mbali zonse. Kenako lowetsani fosholo chogona pansi pa mizu, mutukule chigawo ndi dothi lake lochindikala masentimita 5. Apa ndi pamene aganyu ambiri amalakwitsa. Amakung'untha dothi kuti wilibala ipepuke, n'kukubweretserani udzu wa mizu ya pamtunda. Auzeni musanagwirizane mtengo kuti mukufuna kapinga ndi dothi lake. Zulani wokwanira kubzala tsiku lomwelo, m'mawa kapena madzulo, ndipo kapinga amene akudikira muikeni pamthunzi mutafunditsa ziguduli zonyowa.

Ndikupempheni chinthu chimodzi ndi mtima wonse: musakazule m'mphepete mwa mtsinje wa Likangala kapena Mulunguzi, ngakhale m'mbali mwa ngalande za misewu. Udzu umenewo ndiwo ukugwira gombe kuti lisagumuke. Pemphani kwa mnansi amene kapinga wake wakula, muzule modumphadumpha, ndipo m'maenje mwatsalamo mukwiriremo dothi la manyowa. Kapinga amayanga, m'nyengo ya mvula atsekanso yekha.

Poyala, nyowetsani kaye nthaka. Yambirani mbali yowongoka, monga m'mphepete mwa khonde, ndipo yalani zigawo mmene mmisiri amayalira njerwa, mipata ya mzere wachiwiri isalunjikane ndi ya woyamba. Zigawo zigundane koma zisakwerane. Kuno kwathu mabwalo ambiri ndi otsetsereka, ndipo mvula ya Januwale yotsika m'phiri imatha kunyamula kapinga yense usiku umodzi. Pamalo otere mizere ipingase chitunda, muyambire kumunsi, ndipo chigawo chilichonse muchikhomere ndi kamtengo kosongoka. Mukatha, thirani dothi losefa m'mipata, ikani thabwa pamwamba n'kumapondapo. Mpweya ukatsala pakati pa mizu ndi nthaka, chigawo chimauma ngakhale muzithirira tsiku ndi tsiku.

Amene kapinga wawachepera angathe kung'amba zigawo n'kubzala timizere totalikirana masentimita 20. Zimatenga miyezi kuti atseke, ndipo kupalira kumachuluka, komabe amagwira. Pansi pa mango a mthunzi wandiweyani musataye mphamvu, kapinga wamba amafuna dzuwa.

Thirirani kwambiri tsiku lobzala, kenako tsiku lililonse lopanda mvula kwa milungu iwiri. M'mphepete mwa zigawo ndimo mumayamba kuuma, muziyang'anamo. Ana, mbuzi ndi nkhuku zisapondepo. Mukaona timikwasa ta dothi ta chiswe, chotsani udzu wouma wonse umene uli pamenepo ndipo muwonjezere madzi, poti chiswe chimathamangira kapinga wofooka ndi ludzu.

Pakatha milungu itatu, gwirani chigawo chimodzi mukoke pang'ono. Chikakana kutukuka, mizu yalowa. Pamenepo chepetsani kuthirira kufika kawiri pamlungu koma madzi ambiri, kuti mizu iwatsate pansi. Kutchetcha koyamba mungodula nsonga, osapitirira gawo limodzi mwa magawo atatu a msinkhu wake. Feteleza wa yureya adikire mpaka mutatchetcha, ndipo mumwaze pang'ono masamba ali ouma, n'kuthirira nthawi yomweyo kuti asapse.