Momwe mungakonzere phunziro la chiyambi cha Ahebri ndi dziko lolonjezedwa

Mkulu wa mpingo, mphunzitsi wa Sande sukulu kapena mtsogoleri wa mphakati amene wapatsidwa mutu umenewu adziwe kuti nkhani yake yafalikira m'mabuku asanu ndi limodzi, kuyambira Genesis mpaka Yoswa, ndipo woyesa kuitha tsiku limodzi amangotopetsa anthu ndi mayina. Chimene chimalumikiza mabuku onsewo ndi lonjezo la mbewu ndi dziko limene Mulungu anapatsa Abramu. Gawani phunzirolo m'masabata atatu kapena anayi, ndipo sabata iliyonse muzifunsa ophunzira kuti lonjezolo lafika pati.

Musanatsegule Baibulo, jambulani mapu pabolodi. Ikani Nyanja Yaikulu (Mediterranean) kumadzulo, mtsinje wa Yordano wotsika kuchokera ku nyanja ya Galileya kukathira m'Nyanja ya Mchere, Firate kum'mawa, ndi Nailo kumwera chakumadzulo. Uri ali kumwera kwa Iraq wa masiku ano, Harana ali mu Turkey pafupi ndi malire a Syria. Auzeninso kukula kwa Kanani, chifukwa ambiri amaganiza kuti linali dziko lalikulu kwambiri. Kuchokera ku Dani kumpoto kufika ku Beereseba kumwera ndi makilomita pafupifupi 240, mtunda wosafika ngakhale theka la msewu wochoka ku Chipata kupita ku Lusaka.

Kuwerenga kuyambire pa Genesis 11:27, ngakhale kuti ambiri amathamangira chaputala 12. Amene ananyamula banja ku Uri ndi Tera, atate ake a Abramu, ndipo anafera panjira ku Harana. Yoswa 24:2 akuwonjeza kuti Tera ankatumikira milungu ina, mfundo imene imadabwitsa ophunzira ambiri. Abramu anachoka ku Harana ali ndi zaka 75, ndipo atafika ku Sekemu anamva mawu akuti dzikolo lidzapatsidwa kwa mbewu yake. Pa Genesis 14:13 ndi pamene akutchedwa Mhebri koyamba. Dzina la Israele likubwera ndi mdzukulu wake Yakobo pa Genesis 32:28, ndipo la Ayuda linafala patapita zaka mazana ambiri, choncho musalole kuti mayina atatuwa asakanizidwe ngati anayamba nthawi imodzi.

Kenaka gawirani anthu mavesi a lonjezo kuti aliyense awerenge limodzi mokweza: Genesis 12:7, 13:14-17, 15:18-21, 17:8, 26:3 ndi 28:13. Vesi likatha, funsani kuti wolandira lonjezo ndani, ali kuti, ndiponso ngati pa nthawiyo anali ndi malo akeake. Ophunzira adzaona okha kuti Abrahamu (dzina latsopano la Abramu), Isake ndi Yakobo ankakhala m'mahema, ankakangana ndi eni dziko pa nkhani ya zitsime, ndipo njala ikavuta ankasamuka.

Pa Genesis 23 musafulumire, chifukwa m'maganizo mwanga chaputala chimenechi chimaphunzitsa zambiri kuposa nkhondo zonse za m'buku la Yoswa. Sara wamwalira ku Hebroni ali ndi zaka 127, ndipo munthu amene analonjezedwa dziko lonse alibe pomuika mkazi wake. Akupita kwa Ahiti pachipata cha mudzi, akuwerama, akudzitcha mlendo. Efroni, mwini malowo, akunena mwaulemu kuti munda ndi phanga la Makipela awapereka kwaulere, kenaka akutchula mtengo ngati akungodutsa, masekeli 400 a siliva, ndipo Abrahamu akuyeza silivayo pamaso pa mboni osanenerera. Sankhani anthu awiri awerenge mosinthana, wina mawu a Abrahamu, wina a Efroni. Aliyense amene anaonapo mlendo akupempha malo kumanda kwa anyakwawa a mudzi umene si wake adzamva msanga kulemera kwa zokambiranazo. Munda umenewo ndi malo oyamba amene Baibulo likusonyeza kuti anagulidwa ndi banjali ku Kanani, ndipo Isake, Rebeka, Leya ndi Yakobo anaikidwa momwemo.

Za ku Ejipito zingadutse mwachangu popeza ambiri amazidziwa. Banja la Yakobo linatsikira kumeneko lili ndi anthu 70 ndipo linatuluka lili mtundu. Wina adzafunsa chifukwa chake Genesis 15:13 akunena zaka 400 pamene Eksodo 12:40 akunena 430. Omasulira ambiri amati chiwerengero choyambacho n'chongoyerekeza. Werengani Numeri 13 ndi 14 za azondi khumi ndi awiri, kuti zimveke chifukwa chake anthu anakhala zaka 40 m'chipululu, ndi Deuteronomo 34, pamene Mose akuona dzikolo ali paphiri la Nebo osalowamo.

Pofika pa malire, bwererani ku mapu ndi choko cha mitundu iwiri. Mzere woyamba utsatire Genesis 15:18, kuchokera ku mtsinje wa Ejipito mpaka ku Firate, ndipo wachiwiri utsatire Numeri 34, amene akupereka malire ochepa kwambiri. Chimodzimodzinso, Yoswa 21:43 akunena kuti Yehova anapereka dziko lonse, pamene Yoswa 13:1 ndi Oweruza 1 akutchula madera ambiri amene sanalandidwe. Mphunzitsi asabise mavesi oterewa poopa mafunso, chifukwa wophunzira amene adzawapeza yekha kunyumba adzayamba kukayikira zina zonse zimene anamva.

Pa nkhani ya zaka, nenani zimene zilipo. Baibulo silitchula chaka chimene Abrahamu anabadwa, ndipo akatswiri amasiyana pa nthawi imene Aisraele anatuluka ku Ejipito. Umboni wakale kwambiri wa kunja kwa Baibulo wotchula Israele ndi mwala wa Farao Merneptah, wolembedwa cha m'ma 1208 Khristu asanabadwe, umene Flinders Petrie anaupeza ku Thebes mu 1896 ndipo tsopano uli ku Cairo.

Sabata yomaliza isonyeze kuti kukhala m'dzikolo kunali ndi malamulo ake. Pa Levitiko 25:23 Mulungu akunena kuti dziko ndi lake ndipo Aisraele ndi alendo akukhala naye, pamene Deuteronomo 28 akuchenjeza kuti akapanda kumvera adzachotsedwamo. Asuri anagonjetsa Samariya mu 722, Ababulo anawononga Yerusalemu mu 586, ndipo Koresi, mfumu ya Perisiya, analola akapolo kubwerera mu 538, zaka zonsezi Khristu asanabadwe. Apa funso la dziko la Israel limene linakhazikitsidwa mu 1948 ndi mkangano wake ndi Apalestina silidzalephera kutuluka. Lilembeni pakona ya bolodi, fotokozani kuti mipingo imasiyana pa kamasulidwe ka lonjezoli masiku ano, ndipo mulipatse tsiku lakelake. Pokonzekera tsikulo, aliyense akawerenge kunyumba Machitidwe 7:2-5, Aroma 9 mpaka 11 ndi Ahebri 11:8-16, ndipo abwere atalemba zimene olembawo akunena za dzikolo.