Kupita ndi ana anu kukacheza ndi ana amasiye

Loweruka lomaliza la mwezi, ife amayi a Mvano timayendera nyumba zomwe agogo akulera okha zidzukulu zamasiye, ndipo ine ndimatenga ana anga awiri. Ngati mukufuna kuyamba, pitani kaye kwa amfumu ndi akulu a mpingo, ndiwo amadziwa khomo lomwe moto suyaka tsiku lonse. Musathamangire kuchotsa mwana kwa abale ake, muthandizeni pomwe ali. Mukapeza nkhanza, nkhaniyo ipite ku ofesi ya Social Welfare paboma.

Ana anu asamangonyamula katundu. Wanga wamkulu amapatula ndalama yake ya mandasi n'kugula yekha makope ndi mapensulo. Wamng'ono amandithandiza kupeta soya wa phala. Tisananyamuke timawerenga Yakobo 1:27, kenako aliyense amapempherera mwana mmodzi pomutchula dzina.

Ine ndinalakwitsapo. Ndinajambula ana atagwira sopo n'kuika pa Facebook, ndiye agogo awo anandikokera pambali, "Amayi, anzawo akuwaseka kusukulu." Manyazi ake! Chiyambire tsiku limenelo foni imakhala m'chikwama.

Mukafika, khalani pamkeka, mupereke moni bwinobwino, katundu alowe m'nyumba osati pabwalo pamaso pa anthu. Anawo asiyeni akatunge madzi limodzi kumjigo, asewere phada kapena mpira wachikulunga. Mwezi wotsatira bwererani kunyumba yomweyo, ndipo mufunse ngati makope aja atha.