Mmene mungasankhire labotale yoyeza madzi ndi kumvetsa mitengo yake

Munthu amene wakumbitsa mjigo, kapena mwini fakitale yotaya madzi akuda mumtsinje, amafika pofunika pepala la zotsatira za kuyeza madzi kuti alionetse kwa akuluakulu a boma kapena kwa amene akupereka ndalama za ntchitoyo. Mphamvu ya pepalalo imachokera ku labotale imene yalilemba, choncho ntchito imayamba musanatunge ndi dontho lomwe.

Choyamba, funsani ngati labotaleyo ili ndi chiphaso cha ISO/IEC 17025, womwe ndi muyezo wa dziko lonse lapansi wotsimikizira kuti ogwira ntchito, makina ndi njira zoyezera zikutulutsa zotsatira zoona. Muyezowu unakonzedwanso m'chaka cha 2017. Dziko la Malawi, monganso Zambia, Zimbabwe ndi Mozambique, limadalira bungwe la SADCAS, lomwe likulu lake lili ku Gaborone m'dziko la Botswana, kuti liunike ma labotale ndi kupereka chiphasochi, pomwe South Africa ili ndi bungwe lakelake la SANAS. Ena adzakuonetsani chiphaso cha ISO 9001 chopachikidwa pakhoma mokongola, koma chimenecho chimanena za kayendetsedwe ka kampani, osati luso loyeza.

Apa ndi pamene ambiri amaphonya. Chiphaso sichiperekedwa pa zonse zimene labotale imachita, koma pa mayeso otchulidwa limodzilimodzi, ndipo chimabwera ndi mndandanda wosonyeza chinthu choyezedwa, mtundu wa madzi kapena dothi, ndi njira yoyezera. N'zotheka ndithu kuti labotale ikhale yovomerezeka kuyeza pH (mlingo wa asidi m'madzi) ndi mchere wa m'madzi akumwa koma osavomerezeka kuyeza tizilombo ta E. coli kapena mtovu wa m'madzi a m'fakitale. Pemphani mndandandawo, muuwerenge mzere ndi mzere, muone tsiku limene chiphaso chithere, kenaka muyerekeze ndi zimene zili pa tsamba la intaneti la SADCAS. Labotale imene ikuzengereza kukuonetsani mndandandawu ine sindingaipatse ntchito yokapereka ku boma.

Musanafunse mtengo, dziwani muyezo umene madzi anu akuyenera kukwaniritsa. Bungwe la Malawi Bureau of Standards, lomwe linakhazikitsidwa mu 1972, lili ndi MS 214 wa madzi akumwa, MS 733 wa madzi a m'mijigo ndi m'zitsime zosazama, komanso MS 539 wa madzi akuda a m'mafakitale otayidwa m'mitsinje ndi m'nyanja. Dera lanu nalonso likuuzeni chowonjezera: ku Chikwawa ndi ku Nsanje mijigo yambiri imatulutsa madzi amchere, pomwe ku Nathenje kumadziwika ndi fluoride wochuluka, yemwe amadetsa mano a ana akapitirira mamiligalamu 1.5 pa lita, malire amene bungwe la WHO limalangiza.

Za mtengo, ma labotale a boma, monga Central Water Laboratory ku Lilongwe, amatsata mitengo yokhazikitsidwa ndi ofesi, pomwe ma labotale a makampani amaika okha mitengo yawo. Kulikonse kumene mwapita, pemphani mtengo wolembedwa wosonyeza ndalama za mayeso aliwonse payekhapayekha, za ulendo wokatunga madzi, za mabotolo ndi za msonkho, ndipo polipira mulandire lisiti ya ofesi. Musadabwe ngati labotale yovomerezeka yakwererapo mtengo, chifukwa imalipira akatswiri odzaiunika, imatumiza makina ake kukawatsimikizira kulondola, ndipo imalowa nawo m'mayeso oyerekeza zotsatira zake ndi za ma labotale ena. Ngati mukungofuna kudziwa za chitsime cha pakhomo, labotale ya boma ingakukwanireni. Ngati zotsatirazo zikukafika kwa opereka chilolezo, monga MEPA (bungwe la boma loteteza chilengedwe) kapena National Water Resources Authority (loyang'anira za madzi), funsani ofesiyo poyamba kuti imalandira zotsatira za ma labotale ati.

Ngakhale labotale itakhala yabwino chotani, siingakonze madzi otungidwa molakwika. Madzi okayeza tizilombo atungidwe m'botolo lophedwa majeremusi lochokera ku labotale komweko, asungidwe pozizira ndi ayezi, ndipo afike m'maola 6 ngati n'kotheka, osapitirira maola 24. Pabotolo lembani malo, tsiku ndi nthawi.

Zotsatira zikatuluka, onani ngati pepalalo lili ndi chizindikiro cha bungwe lopereka chiphaso, nambala ya chiphasocho, njira imene yagwiritsidwa ntchito ndi siginecha ya wovomereza. Yang'ananinso mawu ang'onoang'ono a m'munsi, pakuti m'menemo ndi mmene labotale imasonyeza mayeso amene sali pa mndandanda wake ndi amene yawatumiza ku labotale ina.