Nkhuni zootha mu Juni ziwazidwe mvula isanagwe

Kwathu kuno chisanu chimabwera mvula itangosiya. Mu Epulo mvula yatha, pofika Juni anthu a ku Dedza, Ntcheu, Mzimba, Thyolo ndi Mulanje ayamba kale kunjenjemera, chiperoni chikuwaza. Mabanja ambiri amakumbukira nkhwangwa mu Meyi, n'kugwetsa mtengo umene wamwa madzi dzinja lonse. Nkhuni zotere sizingaume m'masabata atatu, makamaka dzuwa likubisala m'mitambo. Mapeto ake mayi amagwada pamafuwa kuuzira moto, maso ali psuu, ana akutsokomola.

Mtengo wongodulidwa kumene, pafupifupi theka la kulemera kwake ndi madzi. Nkhuni yabwino madzi ake asapitirire 20 peresenti. Yaiwisi ikalowa pamoto, motowo umayamba kaye waphika madzi ali m'katimo. Mwaonapo chikuni chikulira kuti tsiii, kumapeto kwake kukutuluka thovu? Kutentha kumene kukanafika m'thupi mwanu kukuthera pamenepo, ndiye mumasonkhezera nkhuni zambiri koma chisanu osachoka.

Choncho nkhuni za Juni ndi Julayi muzidule mu Seputembala kapena Okutobala wa chaka cham'mbuyo. Dzuwa la miyezi imeneyi limachita ntchito yaikulu, zotsalazo zimamalizika nkhuni zili pansi pa denga dzinja lonse. Mudzapindulanso mu Januwale ndi Febuluwale, anzanu akuvutika ndi nkhuni zonyowa.

Dulani mitengo yanuyanu, makamaka yophukira ngati bulugamu, kesha ndi gilisidiya. Siyani chitsa chotalika ngati chikhatho, ndipo muchidule mopendeketsa kuti madzi amvula asadikhe pamwamba n'kuchiwoletsa. Mphukira zikakula pang'ono, sankhani ziwiri kapena zitatu zamphamvu, zinazo chotsani. Msangu wa m'munda musaugwetse, ukukupatsani chonde. Ingosadzani nthambi zina. Mango nawonso chimodzimodzi. M'nkhalango ya boma simungadule popanda chilolezo cha a Dipatimenti ya Zankhalango, ndipo ya m'mudzi ili ndi komiti yake komanso amfumu, yambani mwafunsa kumeneko.

Mukagwetsa, musazengereze kuwaza. Bulugamu wamuwisi amang'ambika mosavuta, koma mukamusiya aume ali chipika, nkhwangwa imangodumpha, msana n'kumapweteka chabe. Komanso chipika chosawaza chimasunga madzi chifukwa khungwa limatsekera, moti kunja chimaoneka chouma m'kati muli tiwisi. Dulani zidutswa zotalika kuchokera pachigongono kufika kunsonga ya zala. Zophikira pa chitetezo mbaula, mbaula yadothi yosatha nkhuni zambiri, zikhale zoonda ngati dzanja la mwana, zoothera zikhale zokulirapo kuti zizinyeka pang'onopang'ono n'kusiya makala. Tinthambi musataye, timangeni mitolo, ndi toyatsira.

Pa kasanjidwe mpamene ambiri amaluza. Nkhuni zounjika padothi zimakoka chinyezi, ndipo chiswe sichichedwa kumangapo. Ikani njerwa kapena miyala, mugonekepo mitengo iwiri yaitali, nkhuni zikhale pamwamba pa imeneyo, pansi mphepo izidutsa. Sanjani mzere umodzi, osapanikiza, mitu ya nkhuni iloze kumene mphepo imachokera. Kumapeto kwa mzerewo pingasani nkhuni, ziwiri chakuno ziwiri chauko, kuti mulu usagumuke. Usatalike kupitirira pachifuwa panu, ana amakonda kukwera. Ngati mwasanja pafupi ndi khoma, siyani mpata woti mkono ulowe.

Mvula ikayandikira folerani pamwamba pokha, ndi udzu kapena lata lakale lopsinja ndi miyala. M'mbali musatseke. Ndimaona anthu atakulunga mulu wonse ndi pulasitiki wakuda mpaka pansi, poganiza kuti ateteza. Mukavundukula mumapeza thukuta, nkhungu ndi fungo la chuku, nkhuni zitafewa. Bola kakhumbi ka mitengo inayi kopanda makoma. Kakhale patali ndi nkhokwe ndi nyumba yaudzu chifukwa cha makoswe ndi moto wolusa, ndipo muzilambula udzu mozungulira. Kamodzi pa mwezi suzumirani pansi, mukaona njira za chiswe ziphwanyeni. Potenga nkhuni yambani mwagogoda ndi ndodo, paja njoka ndi zinkhanira zimakonda malo otere. Ana muwauzenso zimenezi.

Nkhuni youma imadziwika: kumitu imachita ming'alu, khungwa limasendeka lokha, imapepuka, ndipo mukawombanitsa ziwiri zimalira mokweza, pamene zaziwisi zimangoti phu. Mukakayika, wazani imodzi mugwire m'kati. Mukamva kuzizira kwa chinyezi, ibwezeni pamulu. Za mawa muzilowetsa m'khitchini lero, zigone pafupi ndi moto koma osati poti zingagwire.

Si chilichonse choyaka chimene chili nkhuni. Matabwa opaka penti ndi mapolo othiridwa mankhwala a chiswe ali ndi utsi wapoizoni. Nkhadze isiyeni pampanda, utomoni wake ukalowa m'maso ndi vuto lalikulu. Zitsononkho ndi mapesi a nandolo ndi zabwino, koma zimatha msanga, choncho ziziyendera limodzi ndi nkhuni.

Ngakhale nkhuni ziume chotani, musagone ndi moto kapena mbaula m'chipinda chotseka. Makala amatulutsa mpweya wosaoneka, wosanunkha, umene umapha munthu ali m'tulo. Pootha, zenera kapena chitseko chikhale chotsekula pang'ono, ndipo nthawi yogona mbaula ituluke panja. Wina akayamba kumva mutu, chizungulire kapena nseru, mutulutseni panja msanga ndipo muthamangire naye kuchipatala. Mwana wokwawa ndi munthu wodwala khunyu asatsale okha pamoto.