Momwe mungaikire viscosity yolondola mu OpenFOAM ndi Fluent

Viscosity ndi kulimba kwa chinthu chamadzimadzi, monga momwe phala lolimba limasiyanirana ndi tiyi pothira. Imalembedwa pawiri. Ya dynamic, yomwe chizindikiro chake ndi mu, imayezedwa mu Pa·s, zomwe n'chimodzimodzi ndi kg/(m·s). Ya kinematic ndi nu, imayezedwa mu m²/s, ndipo mumaipeza pogawa mu ndi density, kutanthauza kulemera kwa chinthucho pa m³ iliyonse. Pulogalamu iliyonse ya pakompyuta yowerengera kayendedwe ka madzi ndi mpweya, monga OpenFOAM ndi Fluent, imafuna imodzi mwa ziwirizi, koma mukalemba inayo siidandaula.

Yambani ndi kudziwa yomwe pulogalamu yanu ikufuna. ANSYS Fluent ndi COMSOL amafuna dynamic. Mu Fluent, pa Materials, madzi amabwera olembedwa kale 0.001003 ndi density ya 998.2. Koma simpleFoam, pimpleFoam ndi icoFoam, omwe ndi mapulogalamu owerengera a mkati mwa OpenFOAM, amafuna nu, mu fayilo ya transportProperties kapena physicalProperties malinga ndi mtundu womwe muli nawo, mkati mwa foda ya constant. Ngati pali mzere wa manambala m'mabulaketi, uwerengeni: [0 2 -1 0 0 0 0] ndi nu, [1 -1 -1 0 0 0 0] ndi mu. Nambala yoyambayo ndi ya makilogalamu, ikakhala ziro ndiye kuti density idachotsedwamo kale.

Kenako sinthani mayunitsi. 1 cP (centipoise, yunitsi ya mu) ndi 0.001 Pa·s, 1 cSt (centistokes, yunitsi ya nu) ndi 1e-06 m²/s, kutanthauza 0.000001 m²/s. Madzi pa 20°C ali pafupifupi 1 cP komanso 1 cSt, n'chifukwa chake ambiri amaganiza kuti n'zofanana.

Apa ndi pamene anthu amagwa. Munthu watenga 0.001 ya madzi mu Fluent n'kuilemba pa nu mu OpenFOAM, pomwe payenera kukhala 1e-06. Madzi ake tsopano alimba kuwirikiza ka 1,000, asanduka ngati glycerine. Tengani paipi ya 50 mm, madzi akuyenda mita imodzi pa sekondi. Reynolds number, yomwe imasonyeza ngati madzi akuyenda mosalala kapena movunduka ndipo ndi liwiro kuchulukitsa ndi kukula kwa paipi kugawa ndi nu, iyenera kukhala 50,000, madzi ovunduka. Ndi nambala yolakwikayo imatsika kufika pa 50. Choopsa n'chakuti ntchito imaoneka ngati yayenda bwino kwambiri: ma residual, manambala osonyeza kulakwika kotsala pa kuwerengera, amatsika msanga, zithunzi zimatuluka zosalala, palibe uthenga wa vuto. Koma pressure yotayika pa mita iliyonse imakhala pafupifupi 12,800 Pa m'malo mwa 200 ndi pang'ono. Mukasankhira pampu pamenepo, mugula chimpampu chomwe simukuchifuna.

Pa mpweya msampha wake ndi wobisika kuposa apa, chifukwa manambala amayandikana. Pa 20°C mu ndi 1.81e-05, nu ndi 1.5e-05. Kusiyana kwa 20 peresenti sikuoneka pa chithunzi. Choncho musanayambitse chilichonse, werengerani Reynolds pa pepala ndi nambala yomwe ili mu fayilo, osati yomwe ili m'mutu mwanu. Onaninso ngati simunasiye nu ya 0.01 yomwe imabwera ndi chitsanzo cha OpenFOAM chotchedwa cavity, poti ambiri amangokopera foda imeneyo.

Mafuta amalembedwa mu cSt. A hydraulic a ISO VG 46 ndi 46 cSt pa 40°C, ndiye nu ndi 4.6e-05. Pa Fluent chulukitsani ndi density, pafupifupi 870, mupeza 0.04 Pa·s. Kutentha kukasintha nambala imasintha kwambiri, ndiye funsani pepala la wopanga mafutawo. Oyilo wam'zigubu zopanda chizindikiro, wotchipa uja, palibe amene angakuuzeni viscosity yake.  

Zotsatira zikatuluka, kumbukirani kuti pressure (p) ya simpleFoam idagawidwanso ndi density, ili mu m²/s². Chulukitsani ndi 998 kuti mupeze ma Pa a madzi. Powerengera forces (mphamvu zomwe madzi amakankhira zinthu) lembani density yoyenera pa rhoInf. interFoam, ya OpenFOAM yowerengera madzi ndi mpweya pamodzi, imafuna nu ndi rho (density) pa madzi ndi pa mpweya padera, ndipo pressure yake ili kale mu Pa. Ogwiritsa ntchito EPANET, pulogalamu ya mapaipi a madzi, bokosi lanu limafuna viscosity poyerekeza ndi ya madzi pa 20°C, ndiye ngati ndi madzi wamba siyani 1 momwe alili.